Mafilimu akale kunyumba: DVD kapena fulashi?

Chimbale cha DVD chimakoma poti chithunzi chake chimaoneka bwino, koma fumbi la ku Kasungu kuno likangochikala basi chayamba kudumphadumpha, mwina kuima ndewu ili mkati, iwe uli kalikiliki kupukuta ndi malaya. Fulashi ilibe zimenezo, anyamata a pa burning centre amakuikira za karate za ku Hong Kong za m'ma 1970 ndi zachimwenye za maola atatu zija pa 16GB imodzi, magetsi akathima umangopitiriza pa foni ndi OTG, kachingwe kolumikizira fulashi ku foni. Kungoti amazifinya kwambiri, nkhope zili mbuu, ndiye mavairasi osanena.

Ine ndimatenga fulashi, koma Enter the Dragon ya Bruce Lee ya 1973 ija ndimaonera pa chimbale basi.