Khofi Wa M'ndege Sanandifike Pamtima

Pa ulendo wochokera ku Lilongwe kupita ku Johannesburg, umene umatenga maola oposa awiri, ndinapempha khofi nditangomaliza kudya, ndipo mayi wotumikira anthu m'ndegemo anandithirira mwaulemu m'kakapu kapepala, n'kundipatsa timapaketi tiwiri ta shuga ndi kamodzi ka mkaka waufa. Khofiyo anali wofunda chabe, wopanda fungo, ndipo kuwawa kwake kunatsalira kukhosi ngati kwa mankhwala a malungo.

Sindingaloze chala kampani ya ndegeyo yokha ayi, chifukwa m'mwambamo zinthu zimasintha. Mpweya wa m'ndege umafanana ndi wa pamwamba pa phiri lotalika mamita 1,800 mpaka 2,400, choncho madzi amawira asanafike madigiri 100. Mpweyawo umakhalanso wouma kwambiri, moti mphuno imauma n'kulephera kumva fungo, pamene kukoma kwa khofi kwagona pa fungolo. Madzi ophikira nawonso kawirikawiri amachokera m'thanki ya ndege.

Komabe mbali ina ya mlanduwu ndi ya kampani, pakuti khofi amene wakhalitsa m'jagi amadziwika ndi kuwawa kwake, ndipo munthu amene anazolowera khofi wa Mzuzu, wolimidwa m'mapiri a Misuku ndi Viphya, sanganamizidwe. Shuga yense ndinathira, koma sizinathandize.

Pobwerera ndinapempha tiyi, ndipo ngakhale analinso wofunda chabe, ndinamumwa mpaka kutha.