Merrell Moab 3 GTX panjira ya phompho ndi gombe: kumtunda ilibe vuto, kumchenga imafuna thandizo

Njira yoyenda pamwamba pa phompho la m'mphepete mwa nyanja yamchere, kenako n'kutsikira kugombe, imayesa nsapato m'njira ziwiri zosiyana. M'nyengo ya spring, chisanu chikangotha, kumtunda kumakhala udzu wa mame, matope ndi dongo loterera. Kunsi kuli mchenga, nsangalabwi, miyala ya ndere ndi timitsinje tothira m'nyanja. Nsapato ya Merrell Moab 3 GTX yaifupi, yolekezera m'munsi mwa kakolo, kumtundako imagwira ntchito yotamandika. Kugombe, payokha siikwanira.

Kunja kwake ndi chikopa chofewa chosakaniza ndi nsalu ya timabowo, ndipo mkati anayalamo kansalu kopyapyala koletsa madzi kulowa, kotchedwa Gore-Tex (mwachidule GTX). Soli ndi ya mphira wotchedwa Vibram TC5+, ya mano akuya mamilimita 5. Lilime analisokerera m'mbali kuti zinyalala zisalowere pazingwe, kutsogolo n'kuikako mphira woteteza zala mukapunthwa pamwala. Ziwirizo pamodzi sizifika kilogalamu imodzi, komabe zimamveka kuphazi kuposa nsapato zothamangira.

M'mawa udzu wa kumtunda umanyowetsa nsapato wamba m'mphindi zochepa, ndipo masokosi akanyowa matuza sachedwa. Apa ndi pomwe Gore-Tex imaonetsa phindu lake. Timabowo ta kansaluko ndi tating'ono kwambiri moti dontho la madzi silingadutse, koma nthunzi ya thukuta imatuluka. Mutha kuyenda maola angapo m'mame ndi m'zithaphwi zosaya phazi lili louma. Kutsogolo nsapatoyi ndi yotakasuka, zala sizipanikizana, ndipo ilipo ina yopangira a mapazi aakulu m'mbali. Ambiri amaivala ulendo wautali isanafewe n'komwe osamva kuwawa.

Pa dongo lomata m'pamene imayamba kuchepa mphamvu. Mano a mamilimita 5 amadzaza msanga, soli n'kusanduka yosalala. Musanayambe kutsetsereka kulowera kugombe, imani, chotsani dongolo ndi kamtengo. Mangitsaninso zingwe, makamaka mabowo awiri apamwamba, kuti chidendene chisamasewere. Phazi likamaterereka mkati pamtsetse, zala zimamenya kutsogolo ndipo zikhadabo zimada. Njirayo ikayandikira m'mphepete, yendani chakumtunda: mafunde amakumba phompho kunsi, mvula n'kulifewetsa pamwamba, choncho udzu womwe ukuoneka wolimba ukhoza kukhala wopanda dothi pansi pake. Palibe soli yomwe ingakupulumutseni pamenepo.

Kugombe vuto lalikulu ndi khomo la nsapato. Pamchenga wouma phazi limamira, ndipo popondanso chidendene chimaponya mchenga m'mwamba, wina n'kugwera mkati kuseri kwa kakolo. Lilime losokerera lija silithandiza chifukwa mchengawo sukulowera kutsogolo. Ukasakanikirana ndi thukuta umakwecha khungu, umadyanso kansalu ka Gore-Tex mkatimo, makamaka pachidendene ndi pamene zala zimapindikira. Nsapato zambiri zamtunduwu zimayambira pamenepo kudontha. Mankhwala ake ndi gaiter yaifupi, kansalu kovala pakakolo kophimba khomo la nsapato. Ndi kopepuka, kamalowa m'thumba la malaya, ndipo ine sindingalangize munthu kugula nsapatoyi kaamba ka njira zotere popanda iko. Kamatchinganso nkhupakupa, zomwe zimachuluka muudzu wa kumtunda nyengo imeneyi. Mukafika pagombe yendani pamchenga wonyowa wolimba, pamene madzi angochokapo: phazi silimira ndipo miyendo siitopa msanga.

Nanga funde likakupezani? Madzi akangopitirira khomo amalowa, ndipo kansalu komwe kamawaletsa kulowa kamawaletsanso kutuluka. Nsapato imasanduka ndowa. Nsapato ya timabowo yopanda Gore-Tex imataya madzi mukuyenda ndipo padzuwa imauma tsiku lomwelo, pamene iyi imatha kukhala yonyowa mpaka mawa lake. Choncho pakamtsinje kakuya kupitirira kakolo, vulani, olokani opanda nsapato ngati pansi pali mchenga, pukutani mapazi mpaka pakati pa zala, n'kuvalanso. Nyamulani masokosi ena aubweya wankhosa m'kapulasitiki. Athonje asiyeni, amasunga madzi.

Pamiyala youma kapena yonyowa pang'ono soli ya TC5+ imagwira bwino ndithu. Pamiyala yobiriwira ndi ndere siigwira, ndipo nsapato ina iliyonse siigwiranso. Pondani pouma kapena pa tizigoba tomata pamiyala, mapazi pafupipafupi, manja ali kunja kwa matumba.

Choteteza nsapatoyi kuposa zonse ndi ndandanda ya kukwera ndi kuphwera kwa madzi. M'magombe ambiri nyanja imadzaza kawiri n'kuphwera kawiri pa maola pafupifupi 24 ndi mphindi 50, kotero nthawi ya dzulo si ya lero, imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa, madzi amakwera kwambiri n'kuphweranso kwambiri. Sakwera mofanana ola lililonse: akayamba kubwerera, ola loyamba amabwera pang'onopang'ono, koma m'ola lachitatu ndi lachinayi mokha amakwera pafupifupi theka la msinkhu wake wonse. Anthu amatsekeredwa nthawi imeneyo, kutsogolo madzi, kumbuyo madzi, kumbali khoma la phompho. Tsikirani kugombe kutatsala maola awiri kuti madzi aphweretu, ndipo malo opanikiza, pamene phompho limalowa m'nyanja, muwadutse madzi asanatembenuke. Popuma musakhale m'tsinde mwa phompho, miyala imagwa mosachenjeza.

Mchere ndi mdani wa chikopa: umachiumitsa mpaka kung'aluka, umadyanso tizitsulo ta zingwe. Pobwera kuulendo chotsani zingwe ndi kasoli ka mkati, khutumulani mchenga wonse, tsukani ndi madzi ofunda pang'ono ndi burashi yofewa, mkati ndi kunja komwe. Ikanimo nyuzipepala, muzisintha ikanyowa, ndipo muumitse pamthunzi podutsa mphepo. Pamoto kapena pa hita guluu wa soli amamatuka. Mukaona kuti madzi sakuchitanso timadontho pamwamba koma akulowerera m'chikopa, ndiye kuti mankhwala othamangitsa madzi atha. Poperani ena nsapato ili yoyera. Mukapanda kutero kunja kumakhuta madzi, nthunzi imasowa potulukira, ndipo phazi limanyowa ndi thukuta lanu lomwe, inu n'kumaganiza kuti nsapato yabooka.

Ngati njira yanu mbali yaikulu ndi kumtunda ndipo gombe ndi kachigawo chabe, Moab 3 GTX ndi yoyenera kugula. Ngati ndi ya mchenga wambiri ndi timitsinje tingapo towoloka, tengani Moab 3 yopanda Gore-Tex, yomwe imauma msanga. Iliyonse mwa ziwirizi muyese madzulo mapazi atatupako, mutavala masokosi omwe mudzayende nawo, ndipo kutsogolo kwa chala chachitali kutsale mpata wa sentimita imodzi.