Kasizasi ka dokowe: mmene kakugwirira ntchito patapita miyezi

Kasizasi kanga kooneka ngati dokowe ndakhala ndikupetera nsalu za patebulo kuyambira dzinja lapitali, ndipo kukuthwa kwake sikunasinthe. N'kotalika masentimita 9 okha. Mlomo wa mbalameyo ndiwo umadula, kasikuluwu kolumikiza mbali ziwirizo ndiko diso lake, ndipo miyendo imathera pa mphete zolowetsamo zala.

Mlomowo ndiye wandigwira mtima. Ndi woonda mpaka kunsonga, moti umalowa pansi pa ulusi umodzi n'kuudula osakhudza nsalu. Pophwasula pamene sipanasokeke bwino, sizasi yaikulu ya atelala imang'amba zambiri, koma aka kamangotola ulusi womwe mukufunawo.

Maonekedwe amenewa sanayambire kwa osoka. Ku Ulaya, m'zaka za m'ma 1800, azamba ankakhala ndi kachipangizo kooneka ngati dokowe kopanira mchombo wa khanda asanaudule. Mlomo wake unali wobuntha, chifukwa ntchito yake inali kupana, osati kudula. Tina tinali tasiliva, ndipo ukatsegula umapeza kachifanizo ka khanda lokulungidwa m'nsalu m'mimba mwa mbalameyo. Anasankha dokowe chifukwa ku Germany ndi maiko oyandikana nawo ana ankauzidwa kuti makanda amabwera ndi mbalame imeneyi, yomwe imamanga zisa pamadenga a nyumba. Ndi dokowe woyera yemwe uja amathawa chisanu cha kumeneko n'kufika kuno kum'mwera kwa Africa nthawi ya mvula.

Anthu amasimba kuti azamba ankapeta podikira kuti mayi achire, choncho zipangizo zawo zinkasakanikirana ndi singano ndi ulusi, mpaka osula anayamba kupanga dokowe wa mlomo wakuthwa. Ine nkhaniyi imandikhudza, chifukwa ndikakagwira ndimaganiza za amayi amene ankachezera usiku pambali pa mnzawo wodwala. Mizinda yodziwika ndi mipeni, monga Solingen ku Germany, Sheffield ku England ndi Nogent ku France, yatchuka ndi timasizasi totere.

Zofooka zilipo. Utoto wagolide wayamba kusuluka pamene chala chachikulu chimakhudza. Mphetezo n'zazing'ono, ndipo mchemwali wanga, yemwe ali ndi zala zonenepa, amati zimamupweteka akapeta nthawi yaitali. Kasikuluwu kanakhwepa pang'ono, ulusi n'kuyamba kupindika m'malo moduka, koma nditakamanga zinatheka. Nyengo yachinyezi ndimakapukuta n'kudonthezapo mafuta a makina osokera kuti kasachite dzimbiri.

Musadulire pepala, chitenje kapena zikhadabo, ndipo kasungeni kutali ndi ana, chifukwa nsongayo ikangogwa pasimenti n'kupindika, kathera pomwepo. Pogula tengani ulusi wanu, muyese kudula ndi kunsonga kwenikweni. Tambiri totchipa timanyezimira bwino koma milomo yake sikumana kumapeto, ndipo timeneto tisiyeni m'sitolo momwemo.