LG GP65NB60 pa Ubuntu ndi Debian: ndinangobaya, inagwira

Amene muli ndi laputopu yopanda poika chimbale ndipo mumagwiritsa ntchito Linux, draivu iyi ya CD ndi DVD yobaya pa USB, LG GP65NB60, gulani mtima uli m'malo. Pa laputopu yanga pali Ubuntu 24.04, pa kompyuta yakale ya pa tebulo pali Debian 12, yonse iwiri ndi mitundu ya Linux. Konse kuwiri ndinangobaya chingwe cha USB, kagetsi ka kutsogolo kanaphethira, nditadina batani thireyi inatuluka, basi. Sindinachite kusaka pulogalamu iliyonse yoiyendetsera.

Chimene chimawopsa anthu ndi zolembedwa pa mabokosi. Opanga ma draivu ambiri amangotchula Windows ndi Mac, ndipo mukafunsa wogulitsa za Linux amangopukusa mutu. Zimenezo zisakubwezeni. Pafupifupi draivu iliyonse ya CD ndi DVD imamvana ndi kompyuta kudzera m'malamulo amodzi otchedwa MMC, ndipo Linux inawadziwa kalekale. Mukabaya, Linux imaionetsa draivu ndi dzina lakuti /dev/sr0. Mukalemba sudo dmesg mu terminal, molembera malamulo a kompyuta, mupeza dzina lakuti HL-DT-ST, kutanthauza Hitachi-LG Data Storage, kampani imene imapanga chipangizo cha mkatimo. Ine dzina limeneli ndi limene ndimayang'ana kuposa mtundu wa pulasitiki ya kunja.

Ntchito yaikulu imene ndinaigulira ndi kupulumutsa zinthu zakale: zimbale za kwaya yathu zimene zinayamba kukandika, ndiponso zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe za pabanja zimene ojambula ankatipatsa pa DVD. Nyimbo ndimakopera ndi pulogalamu ya Asunder n'kuzisunga m'mafayilo a mtundu wa FLAC kuti mawu asaonongeke. Asunder imadalira pulogalamu ina yotchedwa cdparanoia, imene imabwerezabwereza kuwerenga malo okandika mpaka itapeza cholondola. Apa ndi pamene draivu iyi inandikondweretsa kwambiri. Pa zimbale zokandika pang'ono imangochepetsa liwiro n'kudutsa, ndipo nyimbo zimatuluka zopanda kudumphadumpha. Chimbale chimodzi chimene chinali ndi mng'alu chinakanika ndithu, koma chimenecho palibe draivu imene ikanachitha. Pamene mawu a anthu amene ena mwa iwo anatisiya anamvekanso bwinobwino, ndinaona kuti ndalama yanga sinapite pachabe.

Pobena, kutanthauza polemba zinthu pa chimbale, ndimagwiritsa ntchito pulogalamu ya K3b, chifukwa ili ndi poti uchonge kuti ikamaliza iwerengenso chimbale chonse n'kufananitsa ndi mafayilo oyamba. Mapulogalamu ena obenera, Brasero ndi Xfburn, nawonso anaiona draivuyi popanda vuto. Liwiro lake ndi 8x pa DVD ndi 24x pa CD. Ena amaiderera poti ndi ya USB 2.0, koma 8x pa DVD ndi pafupifupi 11 MB pa sekondi, ndipo USB 2.0 imanyamula zimenezo mosavuta. Kulipira zambiri chifukwa bokosi lalembedwa USB 3.0 sikuwonjezera liwiro la DVD ngakhale pang'ono. Ine zimbale zotchipa ndimazibena pa 4x, chifukwa zothamangitsa ndi zimene zimakonda kukana pa wailesi za m'galimoto ndi ma DVD player akale. Imalembanso zimbale za M-DISC, zimene anazipanga kuti zizikhalitsa kuposa DVD wamba, ngakhale kuti n'zodula komanso zosowa.

Tsono nkhani ya magetsi, imene ndikuona kuti ndi imene imanamiziritsa Linux milandu yambiri. Draivu yopyapyala ngati iyi ilibe chingwe chakechake cha magetsi, imadya kuchokera pa USB pomwepo. Pobaya pa USB 2.0 pamatuluka 500 mA, pa USB 3.0 pamatuluka 900 mA, ndipo mota imafuna mphamvu yambiri pamene ikuyamba kuzunguza chimbale. Nditaibaya kudzera pa ka hub (kochulukitsa pobaya USB) kotchipa kopanda magetsi akeake, pamodzi ndi mbewa ndi fulashi, inkangoti tapu tapu, kuzungulira pang'ono, kenako n'kusowa pa kompyuta. Nditaibaya mwachindunji pa laputopu, pa USB 3.0, ya buluu ija, sinabwerezenso. Choncho ikayamba kuzima n'kuyaka, yang'anani pobaya musanayambe kufufuta Ubuntu.

Poyamba ndinali ndi draivu ina yopanda dzina lodziwika, yotchipa kwambiri. Linux inkaiona bwinobwino, koma zimbale zambiri zinkaonongeka zili pakati pobenedwa. Nditaitsegula ndinapeza kuti mkati munali draivu yakale ya laputopu, yovekedwa chikwama chatsopano. Kuoneka ngati /dev/sr0 si umboni wakuti chipangizo n'chabwino.

Mafilimu ndi nkhani ina, ndipo si ya draivu ayi. DVD ya ukwati kapena ya kwaya imasewera pa pulogalamu yoonetsera mafilimu ya VLC nthawi yomweyo. Koma mafilimu ogula m'sitolo ambiri ndi okhomedwa ndi loko woletsa kukopera wotchedwa CSS, ndipo Ubuntu ndi Debian sizibwera ndi chotsegulira chake. Muyenera kuika phukusi la pulogalamu lotchedwa libdvd-pkg, kenako kulemba sudo dpkg-reconfigure libdvd-pkg kuti itenge chotsegulira chija, libdvdcss ya VideoLAN, amene amapanga VLC, n'kuikonza. Pa Debian phukusili lili m'nkhokwe ya mapulogalamu yotchedwa contrib, pa Ubuntu lili mu yotchedwa multiverse. Nditatero, VLC inayamba kusewera mafilimu anga.

Palinso za zigawo. Makampani a mafilimu anagawa dziko lonse m'zigawo, ndipo Malawi ndi Zambia zili m'chigawo 5 pamene South Africa ili m'chigawo 2 pamodzi ndi Ulaya. Kwa ife amene zimbale zambiri zimabwera ndi abale ochokera ku Joni kapena ku Britain, nambala yofunika ndi 2. Pulogalamu ya regionset imaonetsa chigawo chimene draivu yatcheredwa, ndipo imatha kuchisintha. Koma samalani: ma draivu a masiku ano amalola kusintha kasanu kokha, kenako amakhomera pa nambala yomaliza. Ganizani kaye zimbale zanu n'zochokera kuti, mutchere kamodzi, muisiye.

Draivu iyi siwerenga Blu-ray, ndipo sinapangidwire zimenezo. Ngati mukufuna Blu-ray dziwani kuti kubena mafayilo pa Linux kumatheka, koma mafilimu ake ndi okhomedwa ndi loko wina wotchedwa AACS, amene ndi wovuta kuposa CSS. Ine sindinaone chifukwa cholowera m'zimenezo pamene zimbale zanga zonse ndi CD ndi DVD.

Amene mukufuna draivu kuti muziikira Linux pa makompyuta ena, onani kukula kwa fayilo kaye. DVD wamba imatenga 4.7 GB, pamene ISO (fayilo yoikira) ya Ubuntu 24.04 Desktop imapitirira pamenepo. Pamafunika DVD ya 8.5 GB, imene draivuyi imalembanso, kapena mungogwiritsa ntchito fulashi. ISO ya Debian ya netinst, imene imatenga zotsala pa intaneti, ndi yaing'ono kwambiri, ndipo ndinaikira nayo Debian pa kompyuta yakale ija, draivu ili pa USB, BIOS, pulogalamu imene imadzutsa kompyuta, inaiona pa mndandanda wa poyambira popanda kukakamiza.

Ngati mukugula pa sitolo, pitani ndi laputopu yanu ndi chimbale chimodzi cha nyimbo ndi chimodzi chopanda kanthu, mupemphe kuti muyesere pomwepo kuwerenga ndi kubena komwe musanapereke ndalama.