Bokosi la makombola 25 la ku Kamwala: ndi labwino, koma liyang'aneni kunsi musanalipire

Pa makombola onse amene amadzaza m'mashopu a ku Kamwala mu Lusaka Disembala akamayandikira, amene ndalama yake sipita m'madzi ndi bokosi lija ogulitsa amati keke. Ndi timachubu 25 ta pepala lolimba, tomatidwa pamodzi m'mizere isanuisanu, ndipo chingwe chimodzi chimadutsa kunsi kulumikiza tonse. Mukayatsa kamodzi limawomba lokha mpaka kutha, pafupifupi masekondi 30. Maroketi a kandodo aja ndi otchipa ndithu, koma amapita kumene mphepo yafuna. Ku Matero kapena ku Mtendere, kumene nyumba zili zothithikana ndipo mawaya a magetsi ali pamwamba pomwepo, roketi kugwera pa denga la eni ake ndi mlandu.

M'kachubu kalikonse, pansi pali chotsekera cha dongo, pamwamba pake onga wokankha, kenako kachibulunga kamene kamakaphulikira m'mwamba. Ongawo ndi wakale uja, wa potassium nitrate, makala ndi sulufule. Mitundu imachokera ku mchere wa zitsulo: strontium amapereka kufiira, barium kubiriwira, sodium chikasu, kopa buluu. Pamene Robert Jones, msilikali wa mizinga wa ku Britain, ankatulutsa buku lake la makombola mu 1765 mitundu yowala yotere kunalibe, unali moto wa chikasu ndi woyera basi. Inayamba kuoneka cha m'ma 1830. 

Pa bokosili, kufiira ndi kubiriwira kumatuluka bwino kwambiri. Buluu ndiye wofooka, amaoneka ngati wasuluka. Musadabwe, buluu ndi wovuta kwa opanga onse, chifukwa moto ukatentha mopitirira mtunduwo umazimiririka. Choncho chithunzi cha pa katoni musachikhulupirire kwambiri.

Vuto lenileni ndi chinyezi, ndipo apa wolakwa kawirikawiri ndi wosunga, osati fakitale. Disembala ndi nthawi ya mvula, koma ena amaunjika mabokosi pa simenti pakhomo pa shopu, ena pa thebulo m'mbali mwa msewu. Onga wokankha ukanyowa sukhala ndi mphamvu, kachibulunga kamangokwera pang'ono n'kuphulikira pa msinkhu wa mitu ya anthu. Ndiye musanapereke ndalama litembenuzeni bokosilo. Kunsi kukhale kouma gwa, kopanda madontho a madzi. Mukalitsina m'makona lisabonyoke. Mukaona ufa wakuda kapena tizidutswa ta dongo tikuyoyoka, chotsekera chasweka, lisiyeni. Kapepala kophimba chingwe kakhale komata bwino. Wogulitsa akakana kuti mulione kunsi, pitani shopu ina.

Werenganinso chizindikiro cha pa katoni, chimene chimasonyeza gulu la mphamvu ya makombolawo. Lolembedwa F2 limafuna kuti anthu aime mamita 8 kutali, ndipo chingwe chake chimayaka masekondi 3 mpaka 8 lisanayambe kuwomba. La F3 limafuna mamita 25. Ndi mayadi angati mu Lusaka muno amene ali ndi mamita 25 opanda mtengo wa mango kapena galimoto? Pa nyumba gulani F2. Lolembedwa m'Chitchaina chokhachokha, loti simungadziwe mtunda woimira, ife sitilivomereza.

Chilema chachiwiri ndi kupepuka. Machubu oyamba akawomba amaligwedeza, ndipo likakhala pa nthaka yosalingana limagwa cham'mbali n'kumalizira zotsalazo kuloza anthu. Njira yake ndi yosavuta: liikeni pa thabwa losalala, mulipanikize ndi mabuloko awiri a simenti, lina uku lina uko, osatseka kukamwa kwa machubu. Ngati pansi panyowa, yalani pulasitiki kaye kenako thabwalo. Pa thebulo kapena pa mpanda ayi. Woyatsa akhale mmodzi, wosamwa, ayatse nsonga yeniyeni ya chingwe atatambasula mkono, mutu usakhale pamwamba pa bokosi.

Nthawi zina limaima pakati, mwina litawomba khumi okha, chifukwa chingwe cham'kati chaduka kapena chanyowa. Apa ndi pamene anthu amavulalira, poti moto umatha kukhala ukunyeka chamumtima. Osaliyandikira kwa mphindi 20, osayesa kuliyatsanso, ndipo ana musawalole kukatolera zotsala. Nthawiyo ikakwana lithireni madzi muli chapatali, kenako mulimize m'ndowa usiku wonse. Wina akapsa, ikani pa balapo madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, osati mankhwala otsukira mano kapena dzira. Likakhala bala la kumaso kapena m'diso, thamangirani naye kuchipatala usiku womwewo.