Ndemanga yanga pa amisiri amene anatikonzera servo drive ya makina olongedzera mpunga

Ndili ndi kampani yaing'ono yolongedza mpunga ku Chinamwali kuno ku Zomba, ndipo mpunga wambiri timaugula kwa alimi a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Ntchito yathu yonse yagona pa makina amodzi amene amakoka pulasitiki, kuthiramo mpunga, kumata paketi ndi kudula. Imene imakoka pulasitikiyo ndi servo motor, ndipo motayo imalamulidwa ndi servo drive, imene imamva kuchokera ku encoder ya kumbuyo kwa mota kuti yazungulira kufika pati ndiponso kuti iime pati. Drive ikaona kanthu kolakwika imaonetsa alamu, makina onse n'kungoti zii.

Kuyambira mu Disembala makina athu ankaima kangapo pa tsiku. Anyamata anafika pozolowera kuzimitsa, kudikira pang'ono, n'kuyatsanso, ndipo ntchito inkapitirira mpaka alamu ina. Mmisiri woyamba amene tinamuitana anangoyang'ana nambala ya alamu n'kunena kuti drive yapsa. Tinaitanitsa yatsopano ku Johannesburg pa ndalama zimene mpaka lero zimandiwawa ndikazikumbukira, koma pasanathe masabata awiri nayonso inayamba kuonetsa ma alamu omwe aja.

Amisiri amene ndikulembera ndemangayi anachokera ku Blantyre, anthu awiri, ndipo chimene chinandikhazika mtima pansi n'chakuti sanathamangire kumasula kanthu. Wamkulu wawo anandifunsa kuti, “Amayi, kodi makinawa amaima akamanyamuka, akamathamanga, kapena akamafuna kuima?” Funso limeneli palibe anali atatifunsapo. Kenako analumikiza kompyuta ku drive, nawerenga mbiri yonse ya ma alamu imene imasungidwa m'menemo, ndipo anationetsa kuti mavuto anali awiri osiyana amene ife tinkawayesa limodzi.

Loyamba linali overvoltage, kutanthauza kukwera kwa magetsi mopitirira muyeso m'kati mwa drive, ndipo nthawi zonse linkabwera pamene mota ikuima pomaliza kukoka paketi. Anandifotokozera kuti magetsi a three-phase a kuno kwathu ndi ma volts 400, ndipo drive imawasandutsa DC ya ma volts pafupifupi 565 n'kuwasunga m'ma capacitor. Mota ikamaima mwadzidzidzi imakhala ngati jenereta, imabwezera mphamvu ku drive, ndipo mphamvuyo imayenera kukathera mu braking resistor, imene imaisandutsa kutentha. Ikasowa kopita, magetsi a m'kati amakwera, drive n'kudzithimitsa kuti isapse. Atayeza resistor yathu ndi multimeter, inaonetsa kuti yaduka m'kati, ngakhale kuti kunja inkaoneka bwinobwino. Drive yatsopano ija anailumikiza ku resistor yakufa yomweyo, n'chifukwa chake matenda sanasinthe. Podikira resistor ina anatalikitsa pang'ono nthawi imene mota imatenga kuti iime, ndipo tinkalongedza pang'onopang'ono koma osaimaima.

Lachiwiri, la encoder, ndi limene linawadyera tsiku lathunthu, ndipo apa ndi pamene ndinaonera kuleza mtima kwawo. Alamu imeneyi inalibe nthawi yake, inkabwera ikafuna. Wamng'ono uja anagwada kumbuyo kwa makina akuyenda, n'kumagwedeza waya wa encoder pang'onopang'ono, gawo ndi gawo, ndipo atafika pafupi ndi pulagi alamu inatulukira pomwepo. Atatsekula pulagiyo tinaona fumbi la madeya a mpunga litasakanikirana ndi chinyezi cha nthawi ya mvula, litauma pa timapini ngati phala logona. Anapezanso kuti wayayo anamangidwa pamodzi ndi waya wa mphamvu wopita ku mota, ndiponso kuti chikuto chake cha timawaya toluka, chimene chimatchinga phokoso la magetsi, chinadulidwa osalumikizidwa ku earth. Drive imatsekula ndi kutseka magetsi kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo phokoso limenelo likalowa mu waya wa encoder uthenga wa malo a mota umasokonekera. Analekanitsa mawayawo, nasintha pulagi, n'kumangirira chikutocho ku chitsulo cha bokosi limene mumakhala drive.

Fani ya drive nayo inali itatsekeka ndi fumbi, ndipo anaiyeretsa osatilipiritsa padera.

Sindiiwala m'mene wamkuluyo anamugwirira mkono mnyamata wanga amene anafuna kupisa dzanja m'bokosi titangothimitsa magetsi. Anamuuza mwaulemu kuti, “Achimwene, ma capacitor amasungabe magetsi kwa mphindi zingapo, tidikire kenako tiyeze.” Anayezadi pamaso pake, ndipo nambala inali idakali pamwamba moti mnyamatayo anabwerera m'mbuyo yekha. Anyamatawa akhala akutsekula bokosi limeneli miyezi yonseyi osadziwa zimenezi, ndipo ndikaganiza ndimachita nthumanzi.

Pali zimene sizinandisangalatse, ndipo ndiyenera kuzinena. Ulendo woyamba analonjeza kufika m'mawa koma anafika dzuwa litapendeka osaimba foni, ife tikungodikira ndi matumba a mpunga. Resistor yatsopano inatenga masabata atatu, pamene iwo ananena kuti sabata imodzi ikwana. Lipoti lawo ndi labwino, lili ndi zonse zimene anayeza, koma analilemba m'Chingerezi chodzaza ndi mawu achidule, pamene amene amakhala ndi makinawa tsiku ndi tsiku amawerenga bwino Chichewa. Mtengo wawo si wotsika, komabe sunafike pa ndalama zimene ndinataya pogula drive imene sindinkafunika.

Anatisungira ma parameter onse a drive, amene ndi manambala oiuza m'mene izigwirira ntchito, pa flash, ndipo drive yakale ija ataiyesa anapeza kuti ilibe vuto lililonse, moti tsopano ili pa shelefu ngati sipeya. Tadutsa kutentha kwa Okutobala popanda alamu ya overvoltage kapena ya encoder, ndipo aliyense wa kuno ku Zomba amene makina ake akungobwereza alamu imodzimodzi ndingamulangize kuti awaitane, koma alembe kaye m'kope nthawi ndi nambala ya alamu iliyonse, chifukwa adzamufunsa. Ndawapempha kuti akamabwera kudzayendera makinawa mvula isanayambe, atibweretsere pepala la Chichewa lofotokoza ma alamu, timate pa chitseko cha bokosi.