Tizitsulo tolumikizira njanji za kasitima ka m'munda: ndatiyesa chaka chathunthu

Pobwera kuno ku Joni ndinkadziwa kuti ndidzagwira fosholo ndi makina otchetchera kapinga. Zoti ndidzasanduka wokonza njanji sindinkaziganizira. Bwana anga ku Randburg, achikulire ndithu, ali ndi kasitima koyendera magetsi komwe kamazungulira munda wonse, kudutsa pansi pa mtengo wa jacaranda n'kuwoloka kamlatho pa dziwe la nsomba. Ndi ka mtundu wa G, uja unatchuka ndi kampani ya LGB ya ku Germany kuyambira 1968. Njanji zake ndi zamkuwa, zotalikirana mamilimita 45. Ine wokulira ku Balaka, ndikakawona ndimakumbukira sitima ya ku Nayuchi, kungoti aka sikanyamula matumba a chimanga.

Vuto linali pa mfundo, pomwe njanji zimalumikizana. Njanjizi bwana anazigula zogwiritsidwa kale ntchito, zamitundu yosakanikirana, ndipo zinkalumikizidwa ndi timapaipi tongolowetsa mbali zonse ziwiri. M'nyumba timeneti tilibe vuto. Panja ndi nkhani ina. Mu June ndi July kuno kumagwa chisanu mpaka kapinga kuyera, koma masana dzuwa limawotcha mkuwa moti suugwira. Mita imodzi ya mkuwa ikatentha ndi madigiri 30 imatalika kupitirira pang'ono theka la milimita. Pa mzere wathu wowongoka wa mamita 12, kusuntha kumeneku kumayandikira mamilimita 7. Tsiku ndi tsiku njanji ikukoka, ikukankha, timapaipi tija n'kumasuka, dothi n'kulowa, magetsi osadutsanso. Kasitima kakafika kuseri kwa dziwe kankangoti zii, adzukulu a bwana n'kuyamba kukuwa dzina langa ngati ndine ndadula waya.

Chaka chatha tinagula tizitsulo tomanga ndi masikuluwu, tomwe m'sitolo amati rail clamp. Kalikonse kamagwira mapazi a njanji ziwiri, n'kumangidwa ndi masikuluwu awiri pogwiritsa ntchito Allen key, kachitsulo kopindika komangira masikuluwu. Ndinachotsa timapaipi takale ndi pulayala, n'kupukuta nsonga za njanji mpaka mkuwa kuwala, n'kupaka mafuta a graphite pang'ono ndisanamange. Mfundo 60 zinanditengera Loweruka awiri, ndikukwawa ndi mawondo.

Kunena zoona, tizitsuloti tagwira ntchito. Tadutsa m'chisanu, m'matalala a December, ngakhale maluwa a jacaranda aja omata ngati phala, kasitima sikanayimenso pa mfundo. Chomwe chinandisangalatsa kwambiri ndi pamphambano, pomwe sitima imasinthira njira. Kale kuti ndichotsepo mchenga ndinkayenera kugwedeza njanji mamita angapo. Pano ndimangomasula masikuluwu n'kunyamula chigawocho molunjika m'mwamba, zina zonse zili phee.

Koma ndinalakwitsa chinthu chimodzi, ndipo mlandu ndi wanga. Ndinamanga zonse m'mawa kukuzizira, nsonga zitagundana, kenaka njanji ndinazikhomerera pa matabwa kuti zisasunthe. October atafika, mzere wowongoka uja unapindika ngati njoka, mutu wa sitima n'kugwera m'maluwa. Mkuwa suumitsidwa khosi. Ndinazula misomali, njanji n'kuzisiya zikhale momasuka pa timiyala, kuti kukatentha pokhota pazikankhika panja pang'ono. Kuyambira pamenepo bata.

Zodandaulitsa zilipo. Tizitsuloti n'todula, moti bwana anagula pang'onopang'ono, kuyambira pamphambano ndi pa mlatho. Masikuluwu ake ndi tinthu tating'ono zedi. Kamodzi kakagwera mu kapinga mwakataya. Ine ndimayala thaulo lakale pansi ndisanayambe. Komanso onetsetsani kukula kwa njanji musanagule, chifukwa tathu ndi ta njanji za code 332, nambala yosonyeza msinkhu wa njanji, ndipo pa njanji zopyapyala sitigwira.

Achimwene amene mukusamala minda ya anthu okonda tisitimati, auzeni mabwana anu za timeneti. Allen key yake ndinaimangirira chingwe chofiira, chifukwa yoyamba ija mpaka lero ili penapake m'dziwe la nsomba.